Wingspan kapena Cascadia: bokosi liti loyamba kugula?

Anthu ambiri amaika masewera a patebulo awiriwa mumtanga umodzi chifukwa onse ali ndi zithunzi zokongola za nyama, onse anatuluka m'makampani ang'onoang'ono a ku America, ndipo onse anapata mphoto ku Germany. Wingspan, wopangidwa ndi Elizabeth Hargrave ndi kusindikizidwa ndi Stonemaier Games mu 2019, anatenga Kennerspiel des Jahres chaka chomwecho, mphoto ya masewera ofuna kuganiza mozamirako. Cascadia, wa Randy Flynn, anatuluka mu 2021 kudzera ku Flatout Games mogwirizana ndi AEG, ndipo mu 2022 anatenga Spiel des Jahres, mphoto ya masewera a banja lonse. Kusiyana kwa mphoto ziwirizi kukunena zoona. Mukangotsegula mabokosi n'kuyamba kusewera, mupeza kuti mutu umagwira ntchito yosiyana kotheratu.

Tiyambe ndi Cascadia, poti malamulo ake amatha kufotokozedwa m'mphindi zisanu. M'bokosi muli matailosi 85 a mbali 6, osonyeza malo amitundu isanu: mapiri, nkhalango, chigwa cha udzu, madambo ndi mitsinje. Mulinso timatabwa tozungulira 100 ta nyama, 20 pa mtundu uliwonse: chimbalangondo, gwape wamkulu wotchedwa elk, nsomba ya salmon, kabawi ndi nkhandwe. Pakati pa tebulo pamakhala matailosi anayi, lililonse ndi nyama yake pambali. Ikafika nthawi yanu mumatenga tailosi limodzi pamodzi ndi nyama yomwe ili nalo, n'kulumikiza tailosilo kudera lanu, kenako n'kuika nyamayo pa tailosi lomwe lili ndi chithunzi chake. Basi. Aliyense amachita zimenezi ka 20, masewera n'kutha. Pokonzekera muziwerenga matailosi 20 pa munthu aliyense n'kuwonjezera atatu: 43 kwa anthu awiri, 63 kwa atatu, 83 kwa anayi. Mukalakwitsa chiwerengerochi masewera amatha ena atasewera kambiri kuposa anzawo.

Kukoma kwake kuli pa kukanganirana kwa zinthu ziwiri zomwe mwatenga. Tailosi lomwe mukulifuna kuti mtsinje wanu utalike limabwera ndi nkhandwe yomwe mulibe poiika, pomwe nsomba yomwe mwaidikira kwa nthawi yaitali yakhala pambali pa phiri lopanda ntchito kwa inu. Nyama iliyonse ili ndi kadi lake la kawerengedwe ka mapointi. Pa makadi oyambira olembedwa A, zimbalangondo zimafuna kukhala ziwiriziwiri popanda chachitatu chogundana nazo: gulu limodzi mapointi 4, awiri 11, atatu 19, anayi 27. Apa m'pomwe oyamba kumene amapsa. Amaika chimbalangondo chachitatu pafupi ndi ziwiri zija poganiza kuti akuwonjezera, osadziwa kuti aphwanya gulu lonse, ndipo nyama ikaikidwa sisunthanso. Akabawi amafuna kutalikirana, agwape amafuna mzere wowongoka, nsomba zimafuna kundandalika ngati chingwe popanda ina yogundana ndi zinzake zoposa ziwiri, ndipo nkhandwe imapindula ikazunguliridwa ndi nyama zamitundu yosiyanasiyana.

Pothawira palipo. Matailosi ena amalola nyama yamtundu umodzi wokha, ndipo mukaikapo nyamayo mumalandira kachizindikiro ka chipatso cha paini. Kameneka mumalipira nako kuti mutenge tailosi ndi nyama zosakhala pamodzi, kapena kuti muchotse nyama zomwe zili pakati n'kutola zina m'thumba. Musamatiumire timeneti. Kalikonse kotsala pamapeto ndi pointi imodzi yokha, pomwe kukagwiritsa ntchito panthawi yake kungakumalizireni gulu lachitatu la zimbalangondo, kuchoka pa 11 kufika pa 19.

Wingspan ndi wina. Muli makadi 170 a mbalame za ku North America, lililonse ndi chakudya chomwe mbalameyo imafuna, malo omwe ingakhale, mazira omwe chisa chake chingasunge, ndi mphamvu yake yolembedwa m'munsi. Bolodi la munthu aliyense lili ndi mizere itatu ya malo asanuasanu. Mzere wa nkhalango umapereka chakudya, wa udzu umapereka mazira, wa madambo umapereka makadi. Chochita chachinayi ndi kuika mbalame pabolodi. Masewera ali ndi zigawo zinayi, ndipo timiyala tosewerera timachepa gawo lililonse: 8, 7, 6, kenako 5. Zonse pamodzi mumasewera ka 26 kokha, choncho kusewera kamodzi mwachisawawa kumamveka mpaka kumapeto.

Mtima wa Wingspan ndi uwu: mukasankha mzere, kamwala kanu kamayenda kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo mbalame iliyonse ya mphamvu yofiirira (yolembedwa pamzere wofiirira pa kadi) yomwe kadutsapo imagwira ntchito yake. Poyamba kupita kunkhalango kumakupatsani chakudya chimodzi. Pofika gawo lachitatu, ulendo womwewo ungakupatseni zakudya zitatu, kadi latsopano, dzira, ndi kadi lina lolowetsedwa pansi pa mbalame ngati pointi. Kuona makina omwe mwamanga ndi manja anu akuyamba kudziyendetsa ndi chisangalalo chomwe Cascadia alibe, ndipo sayesa n'komwe kukhala nacho.

Koma makinawo amachedwa kulira, ndipo apa oyamba kumene amavutika kwambiri. Pachiyambi mumapatsidwa makadi 5 a mbalame ndi zakudya 5, ndipo kadi lililonse lomwe mwasunga mumalipira ndi chakudya chimodzi. Ambiri amasunga makadi anayi kapena onse asanu chifukwa cha kukongola kwake, n'kutsala manja lende, gawo loyamba lonse n'kuthera potola chakudya chimodzichimodzi. Sungani awiri kapena atatu, otchipa, makamaka a mphamvu yofiirira yopereka chakudya kapena makadi. Kumbukiraninso mtengo wa mazira: malo oyamba mumzere ndi aulere, achiwiri ndi achitatu amafuna dzira limodzi, achinayi ndi achisanu mazira awiri. Lamulo lina lomwe limaiwalika kawirikawiri n'lakuti poika mbalame mutha kupereka zakudya ziwiri zilizonse m'malo mwa chimodzi chomwe mulibe. Nawo madayisi asanu a m'kanyumba kodyetsera mbalame, omwe amaonetsa chakudya chomwe mungatenge, mutha kuwaponyanso onse ngati otsalamo akuonetsa nkhope imodzi.

Zilema Wingspan ali nazo, ndipo sitizibisa. Popanda bokosi lowonjezera, gawo lomaliza limakonda kusanduka mpikisano woikira mazira. Mzere wa udzu ukadzaza umapereka mazira 4 nthawi imodzi, dzira lililonse ndi pointi, ndiye kusewera kasanu n'kupeza mapointi 20 kumaposa pafupifupi china chilichonse, bola zisa zikhale ndi malo. Makadi awiri a makwangwala, Common Raven ndi Chihuahuan Raven, amasinthanitsa dzira limodzi ndi zakudya ziwiri zilizonse. Wina akapeza limodzi pachiyambi n'kuliika mumzere wa udzu, safunikanso kupita kunkhalango, ndipo magulu ena amangowachotsa m'mulu kapena kuletsa kuwaika m'gawo loyamba. Bokosi lowonjezera la Oceania, la mu 2020, linabweretsa mabolodi atsopano ndi chakudya cha timadzi ta maluwa, zomwe zinachepetsa vuto la mazira, koma ndiye kuti mwagula mabokosi awiri.

Nanga kuchuluka kwa anthu? Pabokosi la Wingspan palembedwa munthu mmodzi mpaka asanu, mphindi 40 mpaka 70. Mphindi zimenezo n'zoona kwa anthu awiri kapena atatu odziwa kale makadi. Mukakhala asanu, ena akuwerenga kadi lililonse koyamba, konzekerani maola awiri, ndipo nthawi yambiri mudzakhala mukungoyang'ana mnzanu akuyendetsa mzere wake. Cascadia amalola mpaka anayi, mphindi 30 mpaka 45, ndipo satalika kwenikweni chifukwa chosankha ndi chimodzi mwa zinayi. Vuto lake kwa anthu anayi n'lakuti zomwe munaziona pakati zimakhala zitasintha nthawi yanu isanafike, choncho kukonzeratu sikuthandiza kwambiri.

Pali nkhani ina yomwe olemba ambiri amailumpha: chilankhulo. Kadi lililonse la Wingspan lili ndi mawu oti muwerenge, ndipo makadi a m'manja mutha kuwabisa, ndiye munthu wosadziwa bwino chilankhulo cha bokosilo amayenera kuulula zomwe wagwira kuti amuthandize. Mu Cascadia mulibe chobisa. Matailosi ndi nyama n'zithunzi zokha, makadi asanu a mapointi mumawafotokoza kamodzi, ndipo palinso kadi losavuta lowerengera nyama zonse mofanana, loyenera ana ndi agogo omwe.

Onse awiri sapereka mpata waukulu wolimbana. Mu Cascadia mungatenge nyama yomwe mnzanu amaidikira, n'kupikisana pa yemwe ali ndi dera lalikulu la malo amtundu uliwonse. Mu Wingspan mumalimbirana madayisi, makadi atatu oonekera, ndi zolinga za pamapeto a gawo. Wofuna kugwetsana ndi kulandana ayang'ane kwina.

Ife tikuti yambani ndi Cascadia ngati anthu apatebulo panu amasinthasintha, kapena ngati mumasewera ndi amisinkhu yosiyana. Nyama iliyonse ili ndi makadi anayi a mapointi, A mpaka D, ndipo kuwasakaniza kumasintha masewera mokwanira, ngakhale kuti mukasewera kambirimbiri mudzamva kuti funso lomwe mukuyankha ndi lomwelomwelo. Wingspan mugule ngati muli awiri kapena atatu okhazikika, okonzeka kupirira masewera awiri oyamba omwe adzakhala ozizira. Kuyambira achitatu mudzayamba kuzindikira makadi ndi maso okha, n'kudziwa kuti kambalame kotchipa kopereka njere imodzi nthawi iliyonse m'gawo loyamba kamaposa chiwombankhanga cha mapointi ambiri chomwe simungathe kuchidyetsa.