Risiva yachiwiri pa DX: batani, dual watch, SDR, kapena risiva yeniyeni?

Pa wailesi za amateur (ham radio), siteshoni ya DX, kutanthauza ya kudziko lakutali, ikakhala yosowa, siimvetsera pamene ikulankhulira. Imaulutsa tinene pa 14.195 MHz, n'kunena kuti "up five to ten", ndiye kuti ikumvetsera penapake pakati pa 14.200 ndi 14.205. Pa CW (kutumiza ndi Morse) kawirikawiri amakwera kilohezi imodzi kapena ziwiri. Anthu mazanamazana amaunjikana m'kampata kameneko, aliyense akufuula kolosaini yake (dzina la siteshoni la zilembo ndi manambala), ndipo khamu limeneli amalitcha pile-up. Wodutsa msanga si wamphamvu nthawi zonse ayi. Ndi uja wamva pamene mnzake wangoyankhidwira, ndipo wazindikira ngati wa DX akukwera pang'onopang'ono kapena akutsika. Risiva (mbali ya wailesi yomvetsera) yachiwiri timaifunira zimenezi: kumva DX ndi pile-up nthawi imodzi.

Njira yosalira ndalama ili kale pa wailesi yanu: ndi batani. Kenwood amalitcha batanilo TF-SET, Icom XFC, Yaesu TXW. Mukalidina, wailesi imamvetsera pa frikwensi yotumizira. Mukalisiya, imabwerera kwa DX. Mumamva DX akupereka "five nine" (lipoti lakuti akumveka bwino) kwa wina, mudina, dzanja lina likupotokola knob kusaka woyankhayo, amene mwina alankhula masekondi awiri okha. Ambiri adakolola mayiko ochuluka ndi batani lomweli, ndipo aliyense ayambire apa kuti khutu lizolowere. Koma nthawi imene muli ku pile-up, DX simukumumva. Anganene kuti tsopano akufuna a ku Japan okha, inu n'kumaitanabe.

Dual watch ya pa Icom IC-756PRO ndi IC-7600 imamveketsa mafrikwensi awiri pamodzi, koma pa bandi imodzi, ndipo mawu amasakanikirana m'makutu onse. Fyuluta ndi imodzi, AGC (yowongolera yokha kukula kwa mawu) ndi imodzi, choncho wina wamphamvu akalira mu pile-up, DX wofooka uja amamira. Imathandiza, koma musaigule poganiza kuti ndi marisiva awiri.

Risiva yachiwiri yeniyeni ndi ina. Elecraft K3 yoikamo KRX3, Kenwood TS-990S, Yaesu FTDX101D ndi Icom IC-7610 yomwe idatuluka mu 2017, zonsezi zili ndi marisiva awiri, iliyonse ndi fyuluta yake ndi AGC yake. Muvala mahedifoni: DX khutu lamanzere, pile-up khutu lamanja. Pa CW, kwa DX mupanikiza fyuluta mpaka 250 kapena 400 Hz kuti phokoso lichepe, ku pile-up muisiya yotakata kuti mumve ambiri. DX akangotumiza kolosaini ya wina, dzanja lili kale pa knob yachiwiri, ndipo "5NN TU" (lipoti la 599 ndi zikomo, pa CW) ikamveka kumanja mwadziwa pomwe DX akumvetsera. Mukawatsata anthu atatu kapena anayi, kachitidwe kake kamaonekera: mwina amakwera 200 Hz akamaliza munthu aliyense, mwina amakhala pomwepo kawiri asanasunthe. Mumamudikirira kutsogolo, n'kuitana kamodzi. Ndipo chifukwa khutu lamanzere silimusiya, simuitana iye akulankhula, chinthu chimene chimasokoneza pile-up kuposa china chilichonse.

Pali phindu linanso lomwe njira zinazi sizingapereke, makamaka pa mabandi otsika a 160 m ndi 80 m. Pa K3 marisiva awiriwo amatha kumangidwa pa frikwensi imodzi, ina ikumva pa eriyo ya Beverage (waya wautali woyalidwa pafupi ndi pansi), ina pa vertical (eriyo yoimirira). Amati diversity. Chizindikiro chikazilala khutu lina chimatsala khutu linalo, ndipo ubongo umachitola pakati pa chiphokoso cha mphezi. Kwa okonda mabandi otsika, ichi chokha n'chokwanira kulungamitsa mtengo wake. Chofunika kukumbukira n'chakuti pamafunika maeriyo awiri osiyana. Ndi eriyo imodzi palibe chimene mwapindula.

SDR yapadera (karisiva kogwira ntchito ndi kompyuta), monga Airspy HF+ Discovery kapena SDRplay RSP1A, mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wailesi yatsopano, ndipo imapatsa maso zimene khutu silingathe. Pile-up yonse imaoneka pa sikirini, mipata yopanda anthu n'kuonekera. Mukaphatikiza ndi CW Skimmer, pulogalamu yowerenga Morse yolembedwa ndi wa kolosaini VE3NEA, makolosaini amalembedwa pambali pa mizere yawo, ndipo wotumiza 599 mumamuona. Zovuta zake ndi ziwiri. Choyamba, mawu odzera pa kompyuta amachedwa pang'ono, ndipo pa CW yothamanga kachedwedwe kameneko kamamveka mukamayerekeza ndi wailesi. Chachiwiri n'choopsa: mawati 100 akalowa mu SDR, yapsa. Pamafunika switch yoidula pa eriyo mukamatumiza, kapena kuilumikiza pa RX OUT ngati wailesi yanu ili nayo. IC-7300 yoyamba ilibe polumikizira poteropo, ngakhale sikopu yake yomwe (sikirini yoonetsa zizindikiro za pa bandi) imaonetsa kale pile-up bwino ndithu.

Nanga WebSDR ndi KiwiSDR, marisiva a anthu ena omvera pa intaneti? Ya ku University of Twente ku Enschede, m'dziko la Netherlands, idayamba kugwira ntchito mu 2008, ndipo n'zabwino poona ngati bandi yatseguka kapena pomva mmene chizindikiro chanu chikufikira kutali. Koma musamalizire nazo QSO, kulumikizana kwa masiteshoni awiri. Malamulo a DXCC, mphotho ya ARRL (bungwe la ma amateur ku America) ya olumikizana ndi mayiko 100, amati zotumizira ndi zolandirira zonse za QSO imodzi zikhale m'bwalo la mamita 500 m'mimba mwake. Ngati DX mwamumva ndi eriyo ya munthu wina kutsidya kwa nyanja, simunamumve inuyo.

Ngati DX yanu yambiri ndi ya FT8, njira yotumizira mauthenga kudzera pa kompyuta, musavutike ndi zonsezi. Pa Fox ndi Hound ya pulogalamu ya WSJT-X, Fox (wa DX) ndi oitana onse amakwana m'kampata kamodzi ka risiva imodzi.

Ine maganizo anga ndi awa. Wokonda SSB (kulankhula ndi mawu) amene ali ndi wailesi ya sikopu apitirize ndi batani, ndalamazo aike pa eriyo, popeza risiva yachiwiri siimva chimene eriyo sinatole. Wokonda CW wa thumba lochepa atenge SDR ndi switch yodalirika. Koma wosaka DX pa CW mozama, makamaka pa 160 m ndi 80 m, asunge ndalama mpaka apeze wailesi ya marisiva awiri enieni, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Pogula K3 yakale afunse ngati KRX3 ilimo, chifukwa inkagulitsidwa payokha, komanso ngati mafyuluta a marisiva onse awiri ndi ofanana, poti diversity imafuna zimenezo.