Wotchi yakale yoimirira ndi kabati ya madilowa za ku okushoni ku Yorkshire, ndemanga yanga

Wotchiyo payokha ndikuipatsa nyenyezi 5, koma okushoni yomwe ndinaigulako nyenyezi 3 basi, ndipo zitatuzo ndi za anyamata onyamula katundu aja osati anthu a mu ofesi. Ndayamba ndi zimenezi kuti amene mulibe nthawi yowerenga zonse mudziwiretu. Chaka chapitirira ili pabalaza pathu kuno kufupi ndi Leeds ndiye ndikulankhula za chinthu choti ndikukhala nacho m'nyumba, osati chongoona pa chithunzi.

Ndi mawotchi ataliatali aja oima pansi, eni ake kuno amati longcase kapena grandfather clock. Yanga bokosi lake ndi la oak, m'mphepete mwa chitseko anazunguliza kamzere ka mahogany, kutalika pafupifupi mamita 2.2, nkhope yake yoyera yopentedwa pamanja, pamwamba pali mwezi woyenda wokha. Mu katalogi anangolemba kuti ya nthawi ya mfumu George III, yoyenda masiku 8 ukaiwayinda kamodzi, mtengo woyembekezera mapaundi 300 mpaka 500. George III analamulira kuyambira 1760 mpaka 1820, pafupifupi zaka 60, ndiye kulemba choncho sanakuuzeni zambiri ayi.

Chimene chinandikoka ndi mtengo, tisanamizane. Katundu wakale wamatabwa abulawuni ameneyu anagwa mtengo kwambiri kuno ku UK, achinyamata samufuna, nyumba zatsopano zipinda zake ndi zazing'ono siling'i mamita 2.4 basi, aliyense akufuna za ku shopu ya mipando ya IKEA zoti tsiku losamuka angomasula n'kuponya m'galimoto. Agogo akamwalira ana amangoitana a okushoni kuti adzakokolole nyumba yonse. Ndiye wotchi yoti yadutsa zaka 200 ikumagulidwa ndalama yosafika pa foni yatsopano. Sindikunena za Thomas Tompion kapena George Graham, amisiri otchuka a mawotchi a ku London aja, amene anaikidwa m'manda ku Westminster Abbey, awo mawotchi awo amapita ku maokushoni akuluakulu ndipo ndalama zake ena mutha kugulira nyumba. Ndikunena za amisiri a m'matauni ang'onoang'ono a ku Yorkshire ndi Lancashire, omwe ankapangira alimi ndi eni mashopu.

Tsiku logulitsa amene munafikako ku okushoni ya fodya ku Kanengo liwiro lake mukulidziwa, ndi lomwelo, kungoti kuno wogulitsa wakhala pa kaguwa ndi kanyundo kake, diso lina kwa anthu a m'holo, diso lina pa kompyuta ya omwe akupikisana pa intaneti, kwinaku akusuzumira m'buku la omwe anasiyiratu mitengo yawo. Chinthu chimodzi sichitha ngakhale mineti. Wotchi yanga inayambira pa 200, tinalimbana ndi munthu wina wa pa intaneti, nyundo inagwa pa 320.

Apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse bwino, 320 imeneyo si mtengo wa wotchi. Pamwamba pake pali ndalama yomwe a okushoni amalipiritsa wogula, amati buyer's premium, iwowa amadula 25 peresenti ndiye ndi 80, pa 80 imeneyo pali VAT ya 20 peresenti ndiye 16, invoyisi inabwera 416. Ukagula kudzera pa intaneti amaonjezeranso kena. Vani yonyamula 90. Mmisiri wokonza mawotchi 380. Zonse pamodzi 886, kutanthauza kuti ya nyundo ija sinafike ndi theka lomwe la ndalama zomwe zinatuluka m'thumba. Ndikuonabe kuti ndi mtengo wabwino pa chinthu chotere, koma amene muli ndi 400 yokha n'kumati ndikagula wotchi yoyenda, mukabwera ndi kabati yaitali yongoima phee.

Dandaulo langa lili pa lipoti lawo. Musanagule mumatha kuwalembera imelo kuti akuuzeni mmene chinthucho chilili, amati condition report. Anandiyankha mizere iwiri, akuti ikugunda, zitsulo zolemera ziwiri zoyendetsa makina zilipo, pendulamu (chitsulo cholendewera chopita uku ndi uku chija) ilipo, kiyi alipo. Sananene kuti kasipuling'i kopyapyala komwe pendulamu imapachikikapo kanali kong'aluka, sananene kuti chingwe chimodzi chinali chitayamba kuyoyoka, ndipo zinthu zimenezi tsiku loonera katundu sungazione chifukwa mutu wa wotchi sakulola kuuchotsa wekha. Tsiku lokatenga kiyi kunalibe. Mayi wa mu ofesi anangoti mwina anasokonekera ndi za katundu wina, n'kundilozera pepala la malamulo pomwe palembedwa kuti katundu amagulitsidwa mmene alili. Mxii. Kiyi si wodula, koma ngati mwalemba kuti alipo ndiye akhalepo. Komanso amakupatsa masiku ochepa kwambiri oti utenge katundu, akadutsa amayamba kulipiritsa yosungira tsiku ndi tsiku, kwa ife a mashifiti zimenezi ndi zopweteka.

Anyamata a kumbuyo aja ndiye ayi, ntchito amaidziwa. Mmodzi wachikulireko anandionetsa kamasulidwe kake osathamanga. Mutu wa bokosi umakokedwa chakutsogolo n'kutuluka wonse ndi galasi lake. Kenako zitsulo zolemera zija umazikoloola kaye, chimodzi chimapitirira makilo 5, wina atagwira makina kuti asagwe chafufumimba poti amangokhala pa kathabwa osamangidwa ku bokosi. Kenako pendulamu, kuinyamula pang'ono n'kuitsetsereka chakumbuyo n'kuitsitsira m'kati mwa bokosi. Makina anawakulunga m'bulangete n'kundiuza kuti amenewa muike pa mpando wakutsogolo, bokosilo ligone chagada mu vani. Analembanso pa tepi kuti chitsulo ichi ndi cha kumanzere ichi cha kumanja. Sanapemphe kanthu.

Mmisiri yemwe anaikonza ndi bambo wachikulire wa m'bungwe la amisiri a mawotchi la British Horological Institute, ndipo 380 ija sindikuidandaula ngakhale pang'ono. Anatembenuza nkhope ya wotchi n'kundionetsa chitsulo chomwe chili pakati pa nkhope ndi makina, palembedwa Wilson, Birmingham. Nkhope zoyera zopentedwazi zinayamba cha m'ma 1772 ndi Osborne ndi Wilson ku Birmingham komweko, kale lonse zinali za brasi, ndipo amisiri a m'matauni ankangoitanitsa nkhope n'kulembetsapo dzina lawo ndi la tauni yawo. Anandilozeranso manambala a maminiti, pa yanga alembedwa 5, 10, 15 mpaka 60, pomwe za pambuyo pa 1800 zambiri zimangokhala ndi 15, 30, 45 ndi 60. Iye anati iyi ndi ya m'ma 1790. Chinanso chomwe anayang'ana ndi chakuti makina ndi bokosi zinabadwira limodzi kapena ayi, chifukwa pamsika pali zambiri zoti makina a wotchi ina anawalowetsa m'bokosi la ina, iwo amati marriage, ndipo mtengo wake umatsika. Umazindikira ukaona timatabwa tophatikiza pansi pa makina kuti akwere, kapena mpata pakati pa nkhope ndi felemu ya galasi. Yanga ilibe zimenezo, nkhope yadzaza bwinobwino. Miyendo ya pansi yokha ndiyo anasintha kalekale, akuti zambiri zili choncho poti zinkaima pa miyala yonyowa kokolopa.

M'makina anapezamo phala lakuda, wina anapoperamo mafuta a m'chitini aja n'kusakanikirana ndi fumbi la zaka, ndiye anamasula giya iliyonse n'kutsuka, mabowo omwe anakula anawaikira timabrasi tatsopano, zingwe zonse ziwiri zatsopano, kasipuling'i katsopano, kiyi anandipatsa waulere.

Tsopano kukhala nayo. Ndimaiwayinda Lamulungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, mabowo awiri pankhope, wakumanja ndi woyendetsa nthawi wakumanzere ndi wa belu, ukamazungulitsa kiyi umamva kuti kre kre kre zitsulo zikukwera m'kati. Masiku 8 aja anachita dala kuti ukaiwala tsiku limodzi isaime. Chenjerani ndi za maola 30, zija za chitsulo chimodzi zokoka tcheni kapena chingwe tsiku lililonse, ndi zotchipa koma zimatopetsa, ndipo zina anazijambula mabowo abodza pankhope kuti alendo aziona ngati ndi ya masiku 8, kudzionetsa sikunayambe lero kkkk. Tsegulani chitseko muwerenge zitsulo.

Chovuta kwambiri ndi kuiimika. Pa kapeti bokosi limagwedezeka pang'ono osaoneka ndi maso, ndiye pakatikati pa sabata zitsulo zikatsika n'kufika pafupi ndi chitsulo chozungulira cha kumunsi kwa pendulamu wotchi imangoima yokha. Mmisiri anaimangirira kukhoma ndi sikuluu imodzi kudzera pa thabwa lakumbuyo, mabowo akale analipo kale, vuto linathera pomwepo, komanso ndi ana m'nyumba sungasiye chinthu chachitali chotere chosamanga. Amene mukuchita lendi mufunse kaye landilodi. Kugunda kwake kuyenera kufanana, tiki... toko... tiki... toko, sekondi iliyonse kamodzi poti pendulamu yake ndi yotalika pafupifupi mita imodzi. Ikamamveka ngati ikutsimphina ndiye kuti yapendekeka ndipo sichedwa kuima.

Nthawi imasunga modabwitsa. Pansi pa pendulamu pali kanati, ukakakweza wotchi imafulumira ukakatsitsa imachedwa, ndipo titakapeza pabwino imangosiyana ndi foni mineti imodzi pa sabata, nthawi yotentha imachedwerako pang'ono chifukwa chitsulo chimatalika chikamva kutentha. Lamulungu lomaliza la Malichi kuno amasintha nthawi, ndiye pokankha ola kutsogolo ndimayendetsa muvi wautali ndi chala n'kuidikira ilize belu ithe. Lomaliza la Okutobala sindibweza mivi m'mbuyo, ndimangogwira pendulamu iime ola limodzi basi. Mwezi uja umazungulira masiku 29 ndi theka ndipo ukautchera kamodzi umalondola ndithu, ana amathamangira pawindo kukaona ngati ukunena zoona.

Belu ndiye nkhani ina. Silimba nyimbo ayi, limangomenya maola, koma ndi belu lachitsulo lenileni, 12 koloko usiku limamenya ka 12 nyumba yonse kumva. Madamu akachoka ku shifiti ya usiku amagona masana ndiye mwezi woyamba kunali milandu, neba wa khoma limodzi nayenso anafunsa mwaulemu wachizungu uja ngati tagula tchalitchi. Yanga ilibe kotsekera belu. Tinamanga kachikopa ku nyundo yake ndiye pano limalira chapansipansi, ena amangosiya osawayinda mbali ya belu, wotchi imayendabe bwinobwino.

Tsiku lomwelo ndinagulanso kabati ya madilowa ya mahogany, awiri aang'ono pamwamba atatu aatali pansi, nyundo 140. Iyi ndikuipatsa nyenyezi 4. Ukatulutsa dilowa umaona mano olumikizira matabwa aja odulidwa pamanja, osafanana, kamzere ka mmisiri kakuonekabe, m'kati ndi oak. Zogwirira si zake zoyambirira, kuseri kwa dilowa kuli mabowo akale otsekedwa, katalogi sinanene koma izi ndinaziona ndekha ndi tochi ndisanagule. Matabwa akumbuyo ndi ofumbwa pang'ono, ndinayala pepala pansi kwa masabata angapo osagwa ufa uliwonse ndiye tizilombo take tinafa kalekale. Dilowa yapansi imalimba, kupaka kandulo m'mbali kumathandiza koma njanji zake zinadyeka, zikufuna kalipentala. Musaike pafupi ndi hita, matabwa amang'aluka. Ndipo yang'anani pa mabowo a kiyi, makabati ena akale anaikapo timinyanga ta njovu, ndipo kuchokera 2022 lamulo la Ivory Act kuno silola kugulitsa zotere pokhapokha chinthucho ndi cha chisanafike chaka cha 1947, mnyangawo sukufika 10 peresenti, komanso chinalembetsedwa ku boma. Yanga ndi ya brasi ndiye ndilibe nazo mutu.

Anzanga angapo afunsa ngati angagule yotere n'kuitumiza kumudzi pa kontena. Itha kupita, sifuna magetsi kapena batire ndiye kuthimathima sikuikhudza. Koma ikonzedwe kaye konkuno isananyamuke, makina apite m'bokosi lawolawo, zitsulo padera zisamagubuduke, ndipo sankhani ya oak yosamatidwamatidwa chifukwa timatabwa topyapyala tokongoletsa tija anamata ndi guluu wachikale yemwe amalekerera chinyezi cha dzinja chikachuluka. Ikafika isaime pa simenti yonyowa kapena khoma la chiswe. Tisipuling'i ta pendulamu ndi zingwe mugule zapadera muike momwemo, kuno ndi mapaundi ochepa chabe koma ku Lilongwe kapena ku Limbe mutha kuzungulira tsiku lonse osazipeza.