Nsalu zosindikizidwa ndi masamba ku Kasungu: gulani ya fodya, ya chamba isiyeni

Pa Boma la Kasungu pali kashopu kogulitsa nsalu zopachika pakhoma zomwe chithunzi chake chimachokera ku masamba enieni. Nsalu ndi ya thonje, yoyera, kutalika pafupifupi mita imodzi. Amayamba aichapa kuti sitalichi achoke, n'kuinyika m'madzi a mankhwala otchedwa alamu kuti mtundu ugwire. Ikauma amayalapo tsamba laliwisi, kuvindikira ndi kansalu, n'kumenya ndi hamala yamtengo mpaka madzi a tsambalo alowe mu ulusi. Mitsempha ya tsamba amaidetsa ndi madzi a misomali ya dzimbiri.

Yoposa zonse ndi ya fodya wa burley: tsamba limodzi lalikulu, pakati pake chikhatho cha munthu. Wa ku Kasungu safuna womasulira. Chisanafike chaka cha 1990 alimi ang'onoang'ono sankaloledwa kulima burley, unali wa maesiteti okha, ndiye mabanja ankachoka ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe kudzakhala matenanti. Chimanga ankatenga pangongole, bwana n'kudula fodya akagulitsidwa, ndipo wangongole analibe ya basi yobwerera kwawo. Lamulo loletsa utenanti linabwera mu 2021. Chikhathocho sichokongoletsa chabe: wothyola fodya wonyowa ndi mame chikonga chimamulowa pakhungu, nseru ndi chizungulire n'kuyamba. Nawonso osindikiza ayenera kuvala magolovesi pa chifukwa chomwechi.

Ya chamba ndiyofooka. Lamulo la 2020 limalola okhawo a chiphaso kulima chamba, choncho tsambalo analijambula ndi burashi. Ganizo lilipo, poti lamulo lafika mpaka pa nsalu, koma penti imangokhala pamwamba ndipo imasweka mukapinda.

Musanalipire, tembenuzani nsaluyo. Tsamba lomenyedwadi limatulukira kuseri, lopaka penti ayi. Onaninso m'mphepete, zina n'zosapinda ndipo ulusi umasololoka.

Vuto lalikulu ndi dzuwa. Zobiriwira zimasanduka zofiirira pakangopita miyezi, zomwe pa fodya n'zoyenera ndithu, koma pafupi ndi zenera chithunzi chimafwifwa chonse. Sopo waufa amachotsa mtundu, choncho ingotsukuluzani m'madzi ozizira ndi kusita kuseri. Nyengo yadzinja musaigundike ku khoma lachinyontho, thonje limachita nkhungu. Ikani timitengo tiwiri kumbuyo kuti mphepo izidutsa.