Shedi yanga ya zitsulo ndi yolimba, koma denga limatuluka thukuta

Ndalama zomwe ndalipira mwezi uno pogula siponji ndi matabwa atsopano ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe za shedi ya zitsulo yomwe ndinamangitsa chaka chatha kuseri kwa nyumba ku Glen View mu Harare, momwe ndimakhomera mabedi ndi masofa. Abale angapo a ku Mbare ndi Mufakose akhala akundifunsa ngati nawonso amange yotere.

Ndinasankha chitsulo poopa moto. Aliyense wopanga mipando mu Harare muno akudziwa mmene moto wakhala ukupserezera katundu wa akalipentala ku Glen View Area 8, ndipo sindinafune kuika siponji ndi guluu pansi pa mitengo ndi mapulasitiki. Shediyi ndi ya mamita 12 m'litali ndi 6 m'lifupi, nsanamira zake anazimanga ndi mabawuti pa konkire, malata ndi a mtundu wa IBR, okhuthala 0.4 mm. Mphepo yamkuntho ya Novembala inadutsa, palibe lata lomwe linasasuka. Dzimbiri sindinalionepo, penti yoteteza ku dzimbiri ya red oxide inagwira. Chitseko chokankha chimayenda bwino. Chiswe chinangozungulira n'kubwerera.

Vuto linayamba mvula itatha. M'mawa wina mu Meyi ndinapeza madontho pa siponji, kumwamba kuli mbee, kopanda ngakhale kamtambo. Ndinakwera ndi makwerero kuyang'ana misomali ya malata, yonse inali bwino, timphira take tili tosang'ambika. Pofika Juni zinaipiratu. Dzuwa likangotuluka, denga lonse limayamba kudontha m'mizere yowongoka, motsata zitsulo zonyamula malata, ndipo pofika 9 koloko pauma ngati sipanachitike kanthu. Nsalu ya sofa ya kasitomala wina inachita mabanga, ndinaigula ina ndi ndalama zanga. Matabwa a paini omwe ndinali nditapala anapindika.

Amene anandimasulira ndi mdala wina wowotcherera ku Magaba, msika wa amisiri ku Mbare. Harare ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,500, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi malata amazizira msanga kuposa mpweya wa m'kati. Chinyezi chochokera ku matabwa osaumitsitsa komanso ku konkire chimakwera, chikakhudza lata lozizira chimasanduka madzi. Mankhwala ake ndi pepala lonyezimira lija la sisalation, lomwe amayala pansi pa malata asanakhome, komanso kusiya mpata wotulukira mpweya kumtunda. Lomwelo limachepetsanso kutentha kwa Okutobala, komwe m'shedi muno kumakhala ngati mu uvuni wa buledi.

Chondiwawa ndi chakuti kampani yomwe inandimangira imadziwa zonsezi. Ndinawauza tsiku loyamba kuti ndidzasungamo siponji ndi nsalu, koma pa kotesheni sanalembepo za pepalalo. Kuika pomanga kukanakhala kotchipa. Shedi itamangidwa kale, pankafunika kuchotsa malata onse kaye. Nditawaimbira, bwana wawo anandiyankha kuti, "Bambo, denga lathu silidontha, amenewo ndi madzi a m'nyumba mwanu." Pa WhatsApp amawerenga osayankha. Pomwe ankafuna dipoziti, ya madola a ku America osati ndalama yathu ya Zimbabwe ya ZiG, ankafika pakhomo pano tambala asanalire.

Chinandithandiza ndi choti ndalama yotsiriza, madola 400 pa 4,800 yomwe tinagwirizana, ndinali ndisanapereke, podikira kuti amalize magatala. Atabwera kudzaitenga tinakhala pansi, ndipo anavomera kuti ine ndigule pepalalo, iwo achotse ndi kubwezera malata osandilipiritsa. Anyamata a bwanayo anagwira ntchito yooneka, sindingawanamizire, ngakhale malata awiri anawaboola mabowo atsopano omwe ndamata ndi silikoni.

Masiku ena ndikaona mmene shediyi yaimira njii ndimati ndinagula chinthu chabwino, ndipo ndikanamangabe ya zitsulo. Masiku ena ndikawerengera pepala, siponji, nsalu ndi matabwa, ndimapeza kuti madola pafupifupi 700 apita pa chinthu chomwe mawu awiri okha akanachiletsa. Achimwene amene mukufuna kumanga, uzani womanga alembe sisalation ndi makulidwe a malata pa kotesheni, ndipo ndalama yotsiriza muigwire mpaka Juni adutse. Kwa bwana uja sindidzatumizako munthu.