London mpaka Paris: sitima, basi kapena ndege kwa mwana wasukulu?

Kwa ife amene tikuphunzira ku Britain, tchuthi cha Pasaka chikamayandikira nkhani imakhala ya Paris. Ndi pafupi, kungowoloka nyanja basi. Koma ndalama ya sikolashipu ndi yowerengeka, ndiye kayendedwe kake n'kofunika kukaganizira mofatsa. Njira zilipo zitatu, ndipo ndineneretu kuti ine ndili kumbali ya sitima.

Tiyambe ndi chitupa, chifukwa chimakhudza zonse. Viza yasukulu ya ku Britain singakulowetseni ku France. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen (yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo France), yomwe kuyambira mu Juni 2024 ndi 90 euro, kuwonjezera ya ofesi yolandira mafomu. Amafuna kalata ya kuyunivesite, sitetimenti ya kubanki, inshuwalansi yachipatala yosachepera 30,000 euro, malo ogona komanso umboni wa ulendo wopita ndi wobwerera. Kutanthauza kuti mumasungitsa ulendo viza isanatuluke, ndipo ikachedwa, tikiti yosasinthika yalowa m'madzi.

Apa ndi pomwe sitima ya Eurostar imayamba kuwina. Tikiti yake mutha kuisintha tsiku, n'kungowonjezera ndalama ngati tsiku latsopanolo lili lokwera mtengo. Imanyamuka pa St Pancras, pakati penipeni pa London, n'kukakutulani pa Gare du Nord, mkati mwa Paris, patatha maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Imadutsa mumsewu wapansi pa nyanja wa makilomita 50 womwe unatsegulidwa mu 1994. Musayembekezere kuona nsomba: kunja kumangoda kwa mphindi ngati 20, makutu n'kutseka pang'ono, kenako kuwala n'kubwerera muli kale m'minda ya ku France. Apolisi a ku France amayang'aniratu pasipoti yanu ku London musanakwere, ndiye mukatsika mumangotuluka ngati munthu wobwera kwawo. Zikwama ziwiri ndi kachikwama ka m'manja zimaloledwa popanda kulipira kwina. Kuchokera pa siteshoniyo, mapazi anu omwe akufikitsani ku tchalitchi cha Sacré-Cœur pamwamba pa phiri la Montmartre, pomwe mzinda wonse mumauona pansi panu osalipira kanthu.

Vuto lake ndi limodzi, koma lalikulu: mtengo umakwera tsiku likamayandikira. Wogula kukali miyezi iwiri kapena itatu, makamaka ya pakati pa sabata, amaseka. Wogula Lachinayi kuti anyamuke Lachisanu madzulo amalira.

Basi sindiinyoza ayi. Nthawi zambiri basi ya FlixBus yochokera pa Victoria Coach Station ndiyo yotsika mtengo kuposa zonse, ngakhale mutagula mochedwa, ndipo yausiku imakupulumutsirani ndalama ya malo ogona. Kutalika kwa ulendo kuli ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Mzuzu, maola 8 mpaka 10. Chovuta n'chakuti tulo take ndi toduladula. Pakati pa usiku mumafika pa doko la Dover, nonse n'kutsika kukaima pamzere wa mapasipoti, mphepo ya kunyanja ikulowa mpaka m'mafupa. Basi ikalowa m'sitima ya pamadzi mumatsikanso, kukwera masitepe, n'kukafuna mpando woti mutsamire kwa ola ndi theka mpaka ku Calais m'dziko la France, ena atagona pansi chikwama chili kumutu. Mabasi ena amadzera pa Folkestone, pomwe basi yonse imalowa m'bogi ya sitima ya pansi pa nyanja. Mumafika ku Paris kukungocha, maso ali psuu, pomwe mahositelo ambiri amapereka bedi masana. Ngati muli ndi masiku anayi kapena asanu, palibe kanthu. Ngati ndi Loweruka ndi Lamlungu lokha, tsiku loyambalo muliyenda mukusinza.

Ndege ndi imene imapusitsa anthu ambiri. Pa intaneti mtengo umaoneka wochepa, ndipo m'mwamba mumakhalamo ola limodzi ndi mphindi zochepa. Koma werengani zonse: sitima yopita ku bwalo la ndege la Luton kapena Gatwick, kufika kukali maola awiri, chikwama cholipira padera, mzere wa mapasipoti pa bwalo la ndege la Charles de Gaulle ku Paris, kenako sitima ya RER B yomwe patatha theka la ola imakakutulani pa Gare du Nord pomwe paja, wa Eurostar atafika kalekale. Ndege imamveka kwa amene ali ku Edinburgh, Glasgow kapena Belfast, poti kwa iwo kufika ku London kokha ndi ulendo wina. Koma nawonso ayang'anitsitse dzina la bwalo: la Beauvais lili makilomita oposa 80 kuchokera mu Paris.

N'chifukwa chiyani ndikuumirira za nthawi? Paris imafuna miyendo yamphamvu. Pa Eiffel Tower tikiti ya masitepe ndi yotsika kuposa ya chikepe, koma masitepewo ndi 674 kuti mufike pansanja yachiwiri. Tchalitchi cha Notre-Dame, chomwe chinapsa mu Epulo 2019 n'kutsegulidwanso mu Disembala 2024, kulowa n'kwaulere koma mzere umatalika. Nyumba yosungiramo zaluso ya Louvre yokha imadya theka la tsiku, Lachiwiri imakhala yotseka, ndipo mwayi wolowa ulere wa achinyamata a zaka 18 mpaka 25 ndi wa okhala m'mayiko a EEA (a European Union ndi ena ochepa a ku Ulaya), pomwe Britain mulibemo.

Thumba likakhala lopepuka kwambiri, sakanizani: pitani pa basi yausiku, mubwerere pa Eurostar yomwe munagula msanga. Mukatero mufika ku London madzulo muli ndi mphamvu zolowa m'kalasi m'mawa wake, m'malo motsika basi n'kuthamangira kukalasi chikwama chili kumsana.