Ulendo wa ku Likoma: nthawi ya mwera kapena chilimwe?

Amene akufuna kukaona chilumba cha Likoma mvula isanayambe ali ndi nyengo ziwiri zoti asankhepo. Yoyamba ndi yozizira, kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene mphepo ya mwera imawomba kuchokera kummwera. Yachiwiri ndi chilimwe, kuyambira Seputembala mpaka Novembala.

Kusiyana kwakukulu kuli panyanja. Mwera ukalusa, mafunde amakula moti ngakhale sitima ya Ilala imagwedezeka pochoka ku Nkhata Bay, okwera ena n'kumasanza, ndipo eni mabwato aang'ono amakana kuwoloka kupita ku Chizumulu mpaka mphepo italeka. M'chilimwe nyanja imakhala bata masiku ambiri, madzi n'kuyera mwakuti wosambira amaona nsomba za mbuna zikuzungulira miyala pansi pake.

Pamtunda zinthu zimatembenuka. Mu Julayi munthu amayenda wapansi pakati pa milambe yopanda masamba kukafika kutchalitchi cha St Peter's, chimene anayamba kumanga mu 1903, osatuluka thukuta, ngakhale kuti usiku umafuna juzi. Mu Okutobala mchenga umawotcha mapazi masana, tulo n'kumavuta m'chipinda chopanda mphepo.

Pa mitengo ya malo ogona palibe nyengo yopepuka kwenikweni pa ziwirizi, chifukwa alendo akunja amachuluka nthawi yonse yopanda mvula.

Nthawi ya mwera ikuyenera okonda kuyenda ndi odana ndi kutentha, bola akhale ndi masiku apadera odikira nyanja. Wobwera kudzasambira, kapena woyenda ndi ana aang'ono, asankhe Seputembala, dzuwa lisanafike poipa.