Ndende ya Idi Amin ku Mengo: wotiperekeza anaidziwa ntchito

Mukafika ku Kampala m'dziko la Uganda, pitani kunyumba yachifumu ya Kabaka, mfumu ya Abaganda, ku Mengo, mukalipire wokuperekezani. Ine ndalamayo sinandipweteke. Mnyamata amene anatiyendetsa anaiyala bwino nkhani, osathamanga: Idi Amin kulanda boma kwa Milton Obote mu 1971, kupirikitsa amwenye mu 1972, mpaka kuthawa mu 1979 asilikali a Tanzania atalowa mumzindawo.

Kenako anatitsitsira kuzipinda za konkire zomwe anazimanga kuti azisungiramo zida, koma zinasanduka ndende. Mdima bii, fungo la chinyontho, makoma odzaza zolembalemba. Akuti pansi pankakhala madzi oyendamo magetsi kuti womangidwa asathawe. Apa tonse mafunso anatithera, ngakhale ine wolongolola.

Ana aang'ono musapite nawo. M'nyumba yachifumuyo alendo salowa, mumangoionera panja.